Chitini cha Ompi Chandi

Ku Otrobanda, dera la pa chilumba china chomwe chinkalamulidwa ndi Holandi, aliyense ankadziwa kuti Ompi Chandi akamatembenuza kesio, ngakhale galu sauwa. Kesio ndi kasitadi wa mazira ndi mkaka, wophikira m'chitini, shuga wopserera ali pansi. Mkuluyu ankatuluka pakhonde ndi chitini chake chakale cha mabisiketi n'kukalipira msewu wonse: "Chete! Akamva phokoso amagwa." Pa ukwati wina anadula wansembe pakamwa ali pakati pa pemphero. "Ameni wanuyo adikire kaye, Abambo. Uyu sadikira."

Amene anaona zakuda ndi Femke, mkazi wa mwana wa Ompi, wochokera ku Holandi. Pofuna kuti apongozi amulandire, tsiku loyamba anabwera ndi vla, kasitadi wakwawo wochita kuthira m'mbale ngati phala.

Ompi anapendeketsa mbaleyo. "Akudwala ndani muno?"

"Palibe, apongozi. Kwathu timadya choncho."

"Mayi, kasitadi wolephera kuima yekha ngwa kuchipatala. Ndiye munatilamulira zaka zonse zija muli ndi zimenezi m'mimba?"

Femke sanagwe ulesi. Anaphunzira kumenya mazira ndi kupsereza shuga, koma kutembenuza Ompi ankamukaniza. "Manja anu ngothamanga ngati njinga zakwanu." Tsiku lina anayesa mobisa, kesio n'kungoti phwaa m'mbale monse. Ompi anasuzumira pakhomo. "Mwaona? Wabwerera kwawo ku Holandi." Femke anaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa kuti m'nyumbamo akadali mlendo.

Ompi atamwalira, pa tsiku lotsiriza la mapemphero a maliro, Femke anaphika kesio m'chitini chomwe chija. Chinakhala patebulo, ana a malemu akungokankhana zigongono, aliyense akuopa kuchigwira. Femke anadzuka, navundikira mbale pamwamba. Panalibe amene ananena kuti chete, koma msewu wonse unangoti zii. Anatembenuza, n'kukweza chitini pang'onopang'ono.

Kesio anaima.

"Wapendekera uko pang'ono," anatero Tanchi Mimina, mlongo wa malemu, akupukuta misozi.

"Akanandikalipira," anayankha Femke.

"Akanakukalipira ndithu, mwana wanga. Ndidulire chachikulu."

Mpaka lero Femke akatuluka pakhonde ndi chitini chija, ana amasiya mpira, wailesi zimazimitsidwa popanda wouza mnzake. Kesio amakomabe. Koma chete ameneyu amatipweteka ife a mumsewu uno, chifukwa palibenso wotikalipira.