Timaswiti Tachikasu M'jekete ya Ababa

Mpaka lero ndikamva fungo la phala lothira nsinjiro, manyazi amandigwira. Ndikuuzani, koma musakaulule ku Nsaru, poti kumeneko alipo ena amene amandilemekezabe.

Ababa athu anayamba kuiwalaiwala amayi atangomwalira. Ankatha kufunsa ngati tapalira chimanga mwezi uli Ogasiti. Achimwene anawatengera kuchipatala ku Lilongwe, komwe anawapatsa mankhwala a matenda oiwalaiwala, piritsi limodzi pa tsiku. Zinasinthako ndithu: anayambanso kutitchula mayina. Wowamwetsa mankhwalawo anali alamu anga Esinati, mkazi wa achimwenewo, mwana wa matenanti a ku Phalombe amene anabwera kuno kudzalima fodya. (Ndivomere, sindinkawakonda. Chifukwa ndinalibe, koma chifukwa chimasowa ngati munthu ukachifuna?)

Ine ndili ndi kaokala, ndipo mukudziwa kuti wogulitsa panado amadziona ngati theka la dokotala. Nyengo yosankha fodya itafika, ababa ankakonda kukhala m'chigafa, fumbi lija n'kumawayetsemulitsa, thupi lonse kuyabwa. Ndinawapatsa piritoni, timapiritsi tachikasu tija ta chimfine ndi zoyabwa. "Musawauze Esinati," ndinawanong'oneza. Adokotala anali atanena kuti tisawapatse mankhwala ena osafunsa, koma mtengwa andiphunzitse ine kusamala ababa ondibereka? Komanso piritoni ndi mankhwala ngati? Ndinawauza kuti ndi timaswiti.

Sabata isanathe, ababa anasokonekera. Kugona usana wonse, kukamwa kuli gwa, kukodza movutikira. Tsiku lina anandiyang'ana n'kufunsa, "Mayi, mwabwera kudzagula fodya?" Zinandiwawa kwambiri, ndinakalira kuseri kwa nkhokwe. Ndili komweko, mtima unati: iwe, amawaphikira phala ndani?

Basi, upolisi unayambika. Ndinawerenga mapiritsi a ku Lilongwe aja, n'kupeza kuti akuchepa bwinobwino, limodzi pa tsiku. Ndinati, ochenjera awa, akubisa mapazi. Kenako ndinasuzumira pa mng'alu wa khitchini n'kuona alamu akuthira kanthu koyera m'phala. (Unali mchere. Koma tsiku limenelo mukanandiuza choncho tikanayambana.) M'mawa mwake ndinawalanda ababa phalalo n'kupatsa galu. Galuyo anaseteka mbale yonse, n'kukagona pansi pa mtengo wa mango. Ndinawomba m'manja: "Si izi!" Galu woti chibadwire ntchito yake n'kugona.

Ababa ataona phala lapita anakwiya, kumangodzikanda, mtendere osaupeza. Ine, kuti apumeko, ndinawonjezera piritoni, awiri m'mawa, awiri madzulo. Ena ndinawaikira m'thumba la jekete.

Atasokera njira ya kuchimbudzi pakhomo pawo pomwe, ndinaitanitsa ankhoswe. Pamaso pa onse ndinati, "Achimwene, mkazi wanuyu akutithera ababa. Abwerere kwawo."

Alamu sanalire. Anati, "Alamu, ndipita. Koma tiyambe tapita nawo kuchipatala, tinyamule chilichonse chimene amameza. Akandipeza ndi mlandu, simudzandionanso pano."

Ndinavomera monyada. Ndinanyamulanso kambale ka phala, kokulunga m'chitenje, ngati umboni.

Adokotala anayang'ana botolo la mankhwala, anayang'ana ababa, n'kufunsa, "Palibe china chimene akumwa? Ngakhale cha pagolosale?"

"Palibe!" Ndinayankha ine, msanga kuposa aliyense. Ndipo ndikulumbira, m'mutu mwanga piritoni sanali m'gulu la zofunsidwazo.

Ababa, amene kwa masiku atatu sanalankhulepo chomveka, anapisa m'jekete n'kukhuthulira timapiritsi tachikasu pa tebulo. "Timaswiti ta mayi awa," anatero akundiloza. "Akuti ndisauze Esinati."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Mayi," anatero adokotala, "mankhwala athuwa amathandiza ubongo kukumbukira. Tachikasuti timazimitsa chimene anzawo akuyatsa. Kwa munthu wachikulire ngati awa, kugona, kusokonezeka, kuuma kukamwa, kuvutika kukodza, zonsezo n'zochokera m'thumbamu. Mukanafunsa, alipo a zoyabwa owayenera." Kenako analoza chitenje changa. "Nanga mwanyamulacho?"

"Ndi kamba wa paulendo," ndinatero.

Alamu anatembenukira kukhoma. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira.

Titabwerako ndinaitananso ankhoswe aja, ulendo uno nditagwada, nkhuku ili m'manja. Mfiti imene ndinaisaka masabata atatu inali itakhala pa okala, ikubweza chenji: ine ndemwe. Alamu anakhululuka, ngakhale m'mawa uliwonse amanditambasulira supuni: "Alamu, yambani mwalawa. Kapena tiitane galu?" Ndimalawa, nanga nditani.

Piritoni ndimagulitsabe, koma wogula ndimamufunsa mafunso ngati wapolisi. (Khalidwe silitha, limangosintha kolunjika.) Ababa anatsitsimukako patapita masiku, koma sanafikenso pomwe anali. Dzina la Esinati sanaliiwalepo. Langa limabwera n'kumapita. Dzulo ndinawapatsa moni, anandimwetulira bwinobwino, n'kugwira dzanja la alamu.

"Esinati," anafunsa, "mayi a maswiti aja ndi awa, eti?"