Kusaka Felesiya

LOLEMBA

Mvula chiyambire m'mawa. Loji yomwe ndimaperekera zakudya yatseka mpaka madzi ataphwa, ndiye ndili pakhomo manja lende. Koma sabata ino ntchito ndili nayo.

Mwana wanga Taonga akufuna kukwatiwa ndi Yotamu, woyendetsa minibasi wa ku Jumbe. Chikole chinalandiridwa, nsalu ya ukwati inagulidwa, maina amayenera kulengezedwa kutchalitchi dzulo. Sanalengezedwe. Chifukwa? Alamu anga a Yobe, mlongo wa malemu mkazi wanga, akumbukira zinthu!

Akuti mayi awo, apongozi anga, anali ndi mng'ono wawo dzina lake Felesiya, yemwe anatengedwa ali wamng'ono chaka cha njala n'kukakulira ku Jumbe. Agogo a Yotamu, obereka mayi ake: Felesiya. Kochokera: Nsefu, kwawo kwa apongozi anga. Ngati ndi yemweyo, ana awa ndi a bere limodzi, munthu ndi mlongo wake. Ansembe akuti, "Kakonzeni kaye za kwanu, kenako mubwere."

A Yobe akumbukira zimenezi chipanda cha mowa chili m'manja. Koma ndi malume, mwini mbumba. Ine ndine atate chabe, mkamwini wa ku Katete, tambala wobwereka. Mayi a Taonga akanakhalapo akanayankha asanatule n'komwe ndowa pamutu. Ine za makolo awo ndikudziwa ziwiri: ankakonda nsomba, ankakonda kukangana.

Sindikuopa. Kuloji ndinaperekerapo tiyi mzungu wina yemwe anandionetsa pafoni makolo ake onse, mpaka wina wa chipewa cha nthenga. Akuti anawapeza m'mabuku a tchalitchi ndi a kukhoti. Nanga ife tilibe tchalitchi? Tilibe khoti?

Zonyamula:
- pepala lalikulu la manila, lojambulapo mzere wa makolo
- bolopeni
- zigamba za njinga
- jekete la pa ukwati wanga, kuti m'maofesi andione ngati munthu

Ndauza Taonga kuti pofika Lachisanu ndibwera ndi umboni. Wamwetulira koyamba chibwerere kutchalitchi dzulo.

LACHIWIRI

Kuparishi yakale. Matope mpaka m'mawondo. Theka la njira njinga ndiyo yakwera ine.

Kiyi ali ndi akatekisiti. Akatekisiti ali kumunda, akupopera thonje. Ndikudikira pakhonde, agalu a ansembe akununkhiza jekete. Afika cha m'ma 14 hours, munthu wabwino: "Mwaswera bwanji? Mabuku alipo, koma mtima muuike pansi."

Kabati yatseguka. Zotuluka, motsatana: fungo, mileme, nalimata, mabuku.

Akale kwambiri anamwa madzi chaka chomwe mtsinje unalowa m'tchalitchi, masamba anamatirirana ngati nsomba zowamba. Omwe anapulumuka madzi, chiswe chinawerenga. Chiswe cha kuno n'chaulemu: chimasiya dzina la wansembe n'kudya dzina la mayi wa mwana.

Felesiya ndamupeza! Ndafuula mpaka akatekisiti adzidzimuka. Tsamba lotsatira, Felesiya wina. Kuseri kwake, enanso. Akatekisiti akuti wansembe wachizungu wa nthawi imeneyo mayi ake anali Felesiya, ndiye khanda lalikazi likabwera lopanda dzina lachikhristu, ankangolipatsa lomwelo. Chigwa chonse chinabatizidwa dzina la mayi a munthu mmodzi!

Maina a midzi analembedwa ndi khutu la mzungu. Palibe umodzi womwe ungakwerere njinga n'kukafika.

Ndati ndiyambe ndi apongozi anga, mwina Felesiya wathu ali nawo pafupi. Apa ndiye ndazindikira kuti dzina lawo la ubatizo sindilidziwa. Mkamwini amatchula dzina la apongozi? Zaka zonsezo ndinkapatukira kutchire tikakumana panjira. Ndaimbira a Yobe. Akuti, "Ife tinkangoti amama. Dzina linalo ankalivala Lamulungu lokha."

M'buku laposachedwa, lomwe sindimalifuna, ndakumana ndi ukwati wathu. Mayi a Taonga anasaina okha, zilembo zopendekera kumanzere ngati chimanga cha mphepo. Pamenepo chiswe sichinakhudze. Ndatseka msanga. Akatekisiti ayang'ana kuwindo mpaka nditamaliza kupukuta fumbi m'maso.

Pamanila: Taonga pansi, mayi ake pamwamba. Pamwamba pawo, mpata.

LACHITATU

Kukhoti lina laling'ono, mbali ya ku Jumbe. Nzeru yake: agogo aamuna a Yotamu atamwalira panali mlandu wa chuma cha masiye, ndipo pamlandu wotere amalemba mkazi wotsala, kwawo, ndi omubereka. Ndi momwe ndikuganizira ine.

Minibasi yoyamba kuima pamsewu: ya Yotamu. Tsoka ilo! Watsika yekha, wandikhazika kutsogolo, wakana kuti ndilipire. Njira yonse akuzemba maenje ngati wanyamula mazira. Ine ndikumuba ndi diso: mphuno, chipumi, makutu. Makutu akufanana ndi a Yobe. Ayi, sakufanana. Lakumanzere likufananako.

Potsika akuti, "Atate, mukapeza choipa mundiuze ine poyamba. Taonga asamvere kwa anthu." Mwana waulemu chonchi angakhale bwanji mbale wa a Yobe?

Akalaliki ndi mayi wodekha. Jekete sanaliyang'ane n'komwe. Andipatsa benchi ndi makatoni a mafayelo akale, omangidwa bwino ndi chingwe. Fumbi, kuyetsemula. Mlandu wa mbuzi. Mlandu wa chigololo. Mlandu wa mbuzi ina, koma wokhudzana ndi chigololo chomwe chija.

Fayelo ilipo! Zomwe anasiya malemu:
- mfuti ya gogodela, nambala yake ili apo
- njinga yakuda yopanda tcheni
- makina osokera
- mbuzi, imodzi yothyoka nyanga ya kumanja
- akazi awiri

Basi. Mbuzi yafotokozedwa mpaka nyanga. Za Felesiya: "mkazi wachiwiri, wochokera kutsidya." Tsidya la mtsinje uti? M'chigwa muno aliyense amachokera kutsidya kwa mnzake!

Pansi pali chidindo cha chala chake chachikulu. Ndachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, chopindika, chonga cha munthu wozolowera khasu. Chala sichitchula mayi ake.

Pobwerera ndabisala kuseri kwa golosale mpaka minibasi ya Yotamu itadutsa. Ndakwera ina, kumbuyo, nkhuku ya eni ili pamiyendo panga. Taonga wandilandira pakhomo, wandivula jekete, sanafunse kanthu.

LACHINAYI

Mapepala andikana, nditsate anthu. Ku Nsefu kuli a Mwanida, msuweni wa apongozi anga, wotsala yekha wa msinkhu umenewo. Akuti makutu anagontha koma mutu ulipo. Ndikanayambira kumeneko Lolemba. Koma Lolemba ndinali mzungu.

Ndawanyamulira shuga, sopo ndi fodya wamphuno.

Tayala laphulika. Ndamata. Laphulikanso pambali pa chigamba. Kutsogolo njovu zaima pamsewu ndi kamwana kawo, ine phee kuseri kwa mtengo wa tsanya, udzudzu ukundidya m'khosi. Njovu sizifulumirira ukwati wa munthu.

Mtsinje wa Msandile wadzaza, wofiira, ukukokolola mitengo yathunthu. Wabwato akuti lero sawolotsa ngakhale mayi ake omubereka. Tsidya linalo pali bambo wina ndi njinga yake, nayenso wakanika kuwoloka. Tikufuulirana pamwamba pa mkokomo.

"Mukupita kwa yani?"

"Kwa a Mwanida!"

"Ndiye mwamva kale?"

"Ndamva chiyani?"

"Atisiya! M'mawa uno!"

Iye amapita kukanena uthengawo kwa a Yobe. Wandipempha kuti ndimufikitsire, poti ndili kale tsidya loyenera. Ndinapita kukafunsa funso, ndikubwerera ndili mthenga wa maliro.

M'mawa uno! Dzulo ndili pabenchi kuwerenga za nyanga ya mbuzi, gogo anali moyo, akuti anamwa ndi phala lomwe.

Mvula yandipeza panjira. Shuga wasungunukira m'thumba la jekete, nyerere zikundiyembekezera pakhomo. Manila yanyowa, inki yayenderera. Taonga ndi mayi ake asanduka banga limodzi labuluu.

Nditawafikitsira uthenga, a Yobe alira kwenikweni, ndi mawu. A Mwanida ndi omwe anawalera mayi awo atadwala. Ndinali nditakonza zowanyoza mumtima njira yonse, ndazimeza.

LACHISANU

Tsiku la umboni lija.

Madzi atsikako. M'bwato: ine, Taonga, a Yobe, thumba la ufa.

Pamaliro anthu ndi ambiri. Ndakhala ndi azibambo pansi pa mtengo wa mango. Ndikusuzumira m'nyumba ya siwa, momwe mumakhala eni maliro okha. Pafupi ndi mutu wa bokosi, duku kumutu, misozi mbwembwembwe: mayi ake a Yotamu!

Awaitana ndani? Awoloka nthawi yanji? A Yobe andigunda ndi chigongono m'nthiti, mwamphamvu kuposa momwe zimafunikira.

Titachoka kumanda ndawatsata mayiwo, ndagwada, ndafunsa. Akuti, "Amama ankabwera pa maliro onse a mudzi uno, ankakhala pamenepaja. Atamwalira ndinangopitiriza. Sindinafunsepo chifukwa."

Ndafunsa madoda. Kulakwa kwake kumeneko! Mayankho:
- wa ndodo: Felesiya anali mng'ono wa apongozi anga, mimba imodzi, analipo iye
- wa diso limodzi: bodza, anali mwana wotoledwa pa njala, anangoleredwa m'nyumbamo, analipo iye
- wa chipewa cha ubweya: panali a Felesiya awiri, wina anagwidwa ndi ng'ona, koma sakukumbuka kuti ndi uti

Mkangano wakula, walowa m'Chikunda chakale chomwe ine wa ku Katete ndikungotolamo maina. Ndodo yakwezedwa. Azimayi asiya kutsuka mbale. Pofika madzulo palibe yemwe akukamba za a Mwanida, mudzi wonse ukukamba za ukwati wa mwana wanga. Anthu omwe dzulo sankadziwa kuti Taonga ali ndi chibwenzi, lero akumuloza ndi milomo.

Iye ali kuseri kwa nkhokwe, akupukuta mbale imodzi yomweyo. Mayi ake a Yotamu adutsa pafupi, aima, afuna kumugwira paphewa. Dzanja lathera m'malere. Sakudziwa ngati akugwira mpongozi kapena mwana wawo.

LOWERUKA

Bwalo la banja pakhomo panga, koma mpando wabwino ndi wa a Yobe. Ankhoswe a mbali zonse afika. Ine ndapatsidwa mtondo wogubuduza.

Ndapempha kulankhula. Ndafotokoza za chiswe, za Felesiya ambirimbiri, za doda wa diso limodzi. Ndati umboni woti ndi abale palibe. A Yobe akuti, "Woti si abale ulipo?"

Lero sanamwe, ndipo ndi zomwe zikundiopsa. Akulankhula motsitsa: "Mlongo wanga anandisiyira mwana mmodzi. Akadzabereka chopunduka, kapena akadzamwalira pobereka, ndikayankha chiyani kumanda?" Ankhoswe agwedeza mitu. Chikole chabwezedwa, chokulungidwa m'kansalu komwe chinabwerera.

Yotamu sanaitanidwe. Minibasi yake yadutsa pamsewu masana, pang'onopang'ono, osaliza hutala.

Anthu atabalalika, Taonga watulutsa nsalu ya ukwati, waikung'untha, waipinda bwinobwino. Ndamuuza kuti Lolemba ndipita ku Chipata, mwina ku likulu la mpingo kuli mabuku ena omwe sananyowe. Wandiyang'ana ndi maso a mayi ake.

"Atate, pumani. Zikanakhala za amalume okha, zikanatha ndi mowa womwewo. Tsopano zili pakamwa pa chigwa chonse."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Jekete lachapidwa, lili pachingwe. Mvula yayambanso, palibe wakalianula.

LAMULUNGU

Kutchalitchi ndekha. Taonga akuti mutu ukumupweteka. Alengeza maukwati a anthu ena, mpingo waomba m'manja, inenso ndaomba. Wa pambali panga wandisunthira malo ambiri pabenchi, ngati wofedwa.

Pobwerera, pakhomo pasesedwa mpaka kumsewu. Nkhuku zapatsidwa madeya. Migolo yonse yadzazidwa madzi, malaya anga a kuloji asitidwa, apachikidwa pamsomali. Chikwama cha Taonga palibe.

Mayi woyandikana nafe sanadikire kuti ndifunse: "Minibasi inaima apa belu lachiwiri litangolira. Mnyamatayo anatsika, anagwada kuyang'ana khomo lanu, ngakhale inu munali mutachoka."

Uthenga pafoni: "Tadutsa Jumbe. Musatisake, atate, tikakhazikika ndiimba. Mankhwala anu a BP ali pawindo."

Ndiye kuti ukwati wopanda ansembe, wopanda ankhoswe, wopanda nthungululu. Mwina ndi munthu ndi mlongo wake. Mwina ayi. Odziwa onse ali pansi pa nthaka, ndipo sakuoneka kuti zikuwavuta.

A Yobe afika thukuta lili kamukamu, akufuula kuyambira kumsewu kuti ndinadziwa, ndinawathawitsa ndine, apita kupolisi. Ndawatulutsira mpando wabwino uja. Afuula ataimirira, afuula atakhala, kenako mawu atha. Tikuyang'ana mvula ikutsika kumapiri. Patapita nthawi akuti, "Anatenga juzi? Ku Chipata kumazizira." Ndati sindikudziwa.

Sanadye chichokere kwawo. Ndasonkha moto, ndatereka nyemba zomwe Taonga wasiya atanyika. Utsi m'maso, nkhuni zonyowa. Amuna awiri akuluakulu tagwada m'khitchini, tikuvundukula zitini chimodzichimodzi. Mwana wapita, ndipo palibe mwa ife akudziwa komwe amaika mchere.