Nkhono za ku Noordhoek Zinamwa Mowa wa ku America

Ndineneretu poyamba kuti wina asanamiziridwe: ndinayambitsa ndine. Si amalume anga, si Sisi Thandeka wa kukhitchini, ndipo nkhono zimene zinafera pa nkhaniyi zilibe mlandu. Mukandifunsa ngati ndikumva chisoni ndiyang'ana pansi ngati mwana woleredwa bwino, koma musayang'ane mapewa anga, azigwedezeka.

Ndinabwera ku Cape Town nditamaliza Sitandade 8, amalume anga a Lackson atandiitanitsa kuti ndidzapitirize sukulu kuno. Timakhala ku Masiphumelele (timangoti ku Masi), m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake. Chilichonse chimene ndili nacho, kuyambira yunifolomu mpaka buledi wa m'mawa, chimachokera m'munda wa mzungu wina wa ku Noordhoek kumene amalume amasamalira maluwa ndi ndiwo zamasamba. Lachisanu ndikaweruka komanso Loweruka ndimapita kukawathandiza (iwo amati kuthandiza, ine ndimati thangata).

Mzunguyo ndi wa ku America, anapuma pa ntchito, ndipo ndevu zake zimafika pachifuwa, ndiye ife timangoti a Ndevu. Munthu wabwino ndithu, koma ali ndi matenda amodzi. Okutobala akayandikira amayamba kulakalaka kwawo. Kuno nthawi imeneyo kuzizira kukutha, mitengo ikuphukira. Kwawoko akuti masamba amafiira n'kuyoyoka, ndipo anthu amamwa mowa wa mtundu wina wake umene umafulidwira nyengo imeneyo yokha. Anauyambitsa ndi Majeremani, koma a Ndevu amalumbira kuti anthu a kwawo anaphunzira n'kuposa aphunzitsi awo (Mjeremani wa nyumba yoyandikana nayo akamva zimenezi amagwidwa ndi chifuwa).

Chaka chatha mng'ono wawo anabwera kudzacheza atawatengera mabotolo asanu ndi limodzi, atawakulunga m'masokosi m'sutikesi, lililonse lochokera kwa ofulula osiyana. A Ndevu anawaimika pa shelefu ya pamwamba m'firiji ya m'galaja ngati makapu a mpira. Anaitana anzawo kuti Loweruka lotsatira adzalawe onse m'timatambula ting'onoting'ono n'kuweruza wopambana. Poti anzawowo anali asanabwere, anagwira ine ndikutsuka wilibala, n'kundichitira kalasi yonse m'Chingerezi chawo cha m'mphuno.

Ankanyamula botolo lililonse kuliloza kudzuwa. Onse anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Uwu akuti umakoma ngati khoko la buledi wongotuluka mu uvuni. Uwu ndi wotsekemera mopitirira, ngati tofi. Uwu umauma pakhosi, ndi wa anthu odzimva. Kenaka anatenga lomaliza, lojambulidwa tsamba lofiira, analigwira ndi manja awiri.

“Koma uwu ndi mfumu,” anatero. “Umafulidwa m'katauni kamene ndinabadwira. Bambo anga ankamwa umenewu. Chimera chake amachikazinga pang'ono, basi, osawonjezera zamatama. Aliyense amene ali ndi lilime angasankhe uwu.”

Tsoka lake, sabata imeneyo kusukulu tinali titangophunzira kuti nkhono ili ndi lilime.

Tsono mumvetse za nkhono za ku Noordhoek. Mvula ikagwa zimatuluka ngati zaitanidwa ku ukwati, ndipo letesi wa dzulo umam'peza wasanduka neti. A Ndevu safuna mankhwala m'munda mwawo. Ndiye amalume amakwirira timakontena ta yogati m'nthaka mpaka m'milomo, n'kuthiramo mowa. Nkhono imamva fungo, imabwera, imamwa, imagweramo, maliro ake n'ngomwewo. Mowa wa nkhonowo ndi wotchipa, wa m'zitini, ndipo a Ndevu amagula okha n'kuuika pa shelefu ya pansi m'firiji yomwe ija. Amagula okha chifukwa amalume ndi mkulu wa mpingo, sanalawepo chibadwire, ndipo sangalole kuti munthu awaone pakhomo la malo ogulitsira mowa. Potsegula chitini amayang'ana kumbali ngati akutaya khoswe wakufa. Kwa iwo mowa ndi mowa, kaya wa m'chitini kaya wa m'botolo, bambo wake ndi mmodzi.

Lachisanu loti mawa lake alendo adzalawe mowa uja, a Ndevu anatenga mng'ono wawo kukaona anamgumi ku Hermanus. Madzulo amalume anandituma zitini.

Cholinga changa, Mulungu akudziwa, chinali botolo limodzi lokha, la mfumu lija. Ndinkangofuna kudziwa ngati nkhono zingagwirizane ndi abwana. Koma nditaima pafiriji ndinakumbukira aphunzitsi a sayansi, amene amati kuyesa chinthu popanda china chochiyerekezera si kafukufuku, ndi miseche. Ndinatenga lachiwiri. Kenaka ndinaona kuti otsalawo adandaula kuti sanapatsidwe mpata. Onse analowa muwilibala.

“Nanga zitini?” anafunsa amalume.

“Abwana anati lero tithire awa. Akuti akhalitsa.”

“Onsewa?”

“Onse, amalume. Akuti nkhono za chaka chino n'zamwano.”

Anagwira botolo limodzi ndi zala ziwiri, analiyang'ana, anapukusa mutu. “Azungu! Komabe kuli bwino umwedwe ndi nkhono kusiyana ndi munthu wolengedwa m'chifanizo.”

Chotsegulira tinalibe, ndiye anagwiritsa ntchito sizasi yodulira maluwa. Botolo lachitatu, limene linagwedezeka kwambiri muwilibala, linawalavulira thovu kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo. Anadumpha akufuula dzina la Yesu, ine ndinathamangira kuseri kwa mtengo wa mandimu ngati ndikukatenga madzi. Titamaliza, ndinakhomera kachitsekerero ka botolo lililonse pambali pa kontena yake kuti ndisadzasokoneze zotsatira. Amalume anavula ovolo yonunkhayo n'kuipachika m'kashedi kawo ka zipangizo. Mabotolo opanda kanthu anawabisa momwemo, kuseri kwa matumba a manyowa, kuopa kuti wa kumpingo wodutsa pamsewu angawaone atawanyamula.

Pamenepo ndiye pamene sindinaganizepo bwino.

Loweruka m'mawa tinapeza Sisi Thandeka, amene amaphika ndi kukonza m'nyumbamo, atatidikirira pageti manja ali m'chiuno.

“Hayibo, tata Lackson! Nanunso? Baibulo lonse lija?”

Amalume anangomuyang'ana osamvetsa. Titakhota pakona ya galaja tinaona a Ndevu ataima pakhomo la kashedi. Mabotolo onse anali atawandandalika pansi, ovolo ili m'manja. Mng'ono wawo anali chapatali akuyang'ana nsapato zake. Akanakalipa zikanakhala bwino, koma analankhula motsitsa.

“Lackson, zaka zonsezi ndimakusiyira makiyi a nyumba yanga. Ukanandipempha ndikanakuthirira ndekha. Koma kunditengera mobisa, n'kumandiuza tsiku ndi tsiku kuti sumamwa?” Anatambasula dzanja. “Ndipatse kiyi wa pageti.”

Kiyi ameneyo ndi kachitsulo kakang'ono, koma pa iye pamalendewera kachipinda kathu ka ku Masi, sukulu yanga, ndi zimene amalume amatumiza kumudzi kwa amayi anga. Komanso dzina lawo. Nkhani yoti mkulu wa mpingo wachotsedwa ntchito chifukwa cha mowa ikanafika kwathu ku Ntcheu ife tisanakwere takisi.

Amalume anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinaona m'maso mwawo kuti amvetsa zonse, kuyambira wilibala mpaka nkhono zamwano. Ndinadikira chala. Chala sichinabwere.

“Bwana, mabotolowo ndinatsegula ndine,” anatero. “Mwanayu musamuganizire, ndi wa sukulu.”

Anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi, anamuika m'dzanja la a Ndevu.

Kuseka konse kumene ndinakusunga usiku wonse kunatheratu (kwa kanthawi). Ndinangomva pakamwa panga pakufuula: “Amalume sanamwe! Ndinawanamiza ndine kuti mwalamula. Amene amwawo akadali pomwepo, tiyeni mukawaone!”

Ndinatsogola, onse akunditsatira pamzere mpaka kumabedi a letesi, Sisi Thandeka ali kumapeto ndi chikolopa chake. Ndinayamba kufotokoza ngati ndili kutsogolo kwa kalasi, chifukwa munthu akamamira amagwira chilichonse. Kontena ya wa tofi uja inali ndi makasitomala ochepa. Wa khoko la buledi anayesetsa ndithu. Wouma pakhosi uja munali nkhono imodzi yokha, nayonso inkaoneka kuti inasochera. Tsono titafika pa kontena ya tsamba lofiira, abale anga! Inali yodzaza mpaka pamwamba, zina pamsana pa zinzake, ndipo zamoyo zinali zikadazungulira m'mphepete kudikira malo ngati pa renki ya matakisi Lachisanu la malipiro.

A Ndevu anagwada, anazula kachitsekerero, anakawerenga. Ndevu zinayamba kunjenjemera. Ine ndinati basi, munthu wamkulu akulira, tikalongedze. Kenaka chinaphulika chiphwete chimene chinadzidzimutsa mahatchi a kutsidya kwa msewu.

“Ndinanena ine! Ndinanena!” Anathamangira kumpanda akuitana Mjeremani uja. “Bwera udzaone oweruza osalandira ziphuphu!”

Mjeremaniyo anasuzumira, anayang'ana kontenayo kwa nthawi, n'kunena kuti nkhono zimadyanso nyuzipepala yonyowa.

Atasiya kuseka, a Ndevu anapita kwa amalume, anawabwezera kiyi, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri monga amaonera ife tikamapatsa moni akuluakulu. Anapepesa kawiri. Amalume anangoti, “Palibe kanthu, bwana,” koma ndinaona kuti kiyiyo sanamubwezere m'thumba, anangomufumbata. Pambuyo pake ndinaona a Ndevu ali okha pakhomo la kashedi, atatola botolo la tsamba lofiira lopanda kanthu, akulinunkhiza maso ali chitsinzinire. Pamenepo china chake chinandilasa pamtima. Mowawo unawoloka nyanja m'sokosi kuti munthu alawe kwawo, ine n'kuugawira nkhono.

Ndiye ndikamati ndikuthokoza, ndikunena zoona. Ndikuthokoza a Ndevu, amene akanatha kuseka n'kutichotsabe. Ndikuthokoza Sisi Thandeka, amene anachapa ovolo ija yekha n'kulonjeza kuti nkhani ithera pageti (inafika ku Masi tsiku lomwelo, koma inafika yolondola). Koposa onse ndikuthokoza amalume. Munthu amene amaopa ngakhale kuonedwa ndi botolo lopanda kanthu analolera kutchedwa chidakwa ndi mbala kuti mwana wa mlongo wawo asathamangitsidwe. Zimenezo sindizisekera.

Alendo anabwerabe madzulo ake. Anamwa mowa wa konkuno, ndipo aliyense anatengedwa kukaona makontena, a Ndevu akulongosola zotsatira ngati kafukufukuyo anachita ndi iwo. Dzina langa silinatchulidwe n'komwe. Umu ndi mmene asayansi timaberedwera.

Chilango chinabwera pawiri. Lamulungu kutchalitchi amalume anapatsidwa mpata wolalikira, ndipo anaika Baibulo pambali n'kuyamba za nkhono: mmene imamvera fungo ili kutali, mmene imanyamulira nyumba yake yonse kupita nayo kumowa, mmene imalowera ndi mutu osatulukanso. Azimayi ankavomera amen. Pomaliza anati, “Ndipo wogulitsa mowayo ali pompano. Imirira, iwe, akuone.” Ndinaimirira. Mpingo wonse unatembenuka. Ndinaweramitsa mutu mwaulemu kumanja ndi kumanzere, ndipo atsikana a kwaya anabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Khutu langa linalipira m'zala za amalume titatuluka, koma khutu limapola.

Chachiwiri chinachokera kwa a Ndevu. Analamula kuti m'munda mwawo simudzathiridwanso mowa, ngakhale wa m'zitini, kufikira nditamaliza sukulu. Nkhono zonse ndizitola ndine, ndi manja, imodziimodzi, n'kukapatsa abakha a Mjeremani. Amalume anasangalala kwambiri ndi chigamulochi, poti sagwiranso chitini.

Choncho Loweruka lililonse m'mawa mundipeza nditagwada pakati pa letesi ndi ndowa yanga, mame ali m'mawondo, zala zili nyankhalala ndi mamina a nkhono. Sizindivuta, ndimaimba nyimbo. Chisoni changa chili pa nkhono za masiku anozi basi. Makolo awo anapita mwaulemu, atalawa wa ku America wa nyengo ya masamba ofiira. Izi zikungopita kwa abakha pakhosi pali gwa.