Mwala wa m'phala la mayi Birgitta

Mayi anga ku Balaka anandiphunzitsa kuti ukaluma mwala mumpunga wa eni, sukwinya nkhope. Umauchotsa mwakachetechete n'kuyamikira ndiwo. Ulemu umenewu unandisunga bwino zaka makumi anayi, mpaka tsiku limene unatsala pang'ono kusamutsa munthu m'nyumba mwake.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno kutsidya kwa nyanja. Katatu pa sabata ndimachoka ku Scarborough pa basi, kenako sitima, kupita ku Oakville kwa mayi Birgitta, omwe anabadwira ku Sweden. Amuna awo anamwalira ndipo amakhala okha. Nthawi imeneyo mwana wawo Anders anali atayamba kuyendera nyumba zosungirako okalamba, ati chifukwa mayiwo anaiwalapo ketulo pamoto kawiri. Ine ndinkadziwa kuti mutu wawo uli bwinobwino (ketulo nanenso ndimaiwala, koma palibe amene amandisakira kokhala).

Chaka chatha anandiitana ku Khirisimasi, imene kwawoko amadyerera pa 24 Disembala. Ndinene zoona, anthu amenewa amadziwa kulimbana ndi mdima. Isanakwane faifi koloko kunja kunali kutada, koma pawindo lililonse panali makandulo. Patebulo panaima kambuzi kolukidwa ndi udzu, katamangidwa kansalu kofiira m'khosi. Panali nsomba zoviika m'viniga, nyama yankhumba, timipira tanyama, ndipo anthu ankadya mosathamanga ngati mawa kulibe ntchito. Ndinawasirira kwambiri. Mayi amene anachoka kwawo ali mtsikana anali atasamutsira dziko lawo lonse m'chipinda chimodzi.

Pomaliza kunabwera phala la mpunga lophikira mkaka, lowaza sinamoni pamwamba. Limeneli analiphika okha, ataimirira ola lathunthu akutakasa. Nditafuna kuwathandiza anandithamangitsa ndi mthiko. Ndinkadziwa kuti akufuna Anders aone.

Supuni yachitatu, dzino langa linagunda chinthu cholimba. Ndinati basi, maso a mayiwa afooka, sanasankhe mpunga, ndipo Anders akamva kuti akudyetsa alendo miyala, nkhani yatha. Ndinanamizira kutsokomola, n'kulavulira m'kapepala kopukutira pakamwa, n'kuponya m'thumba la diresi. Kenako ndinati, "Mayi, phala ili ndi lokoma zedi." Mumtima ndinkadziyamikira kuti ndapulumutsa munthu.

Ndinayamba kuona zachilendo. Aliyense ankatafuna phala pang'onopang'ono, maso ali pakamwa pa mnzake. Anders ankafukula m'mbale mwake ndi supuni. Mwana wake Elsa, wa ku yunivesite, ankasekerera yekha. Ndinangoti mwina ndi mmene amadyera kwawo, nanenso ndinayamba kutafuna phala.

Mbale zitatha, mayi Birgitta anati, "Palibe? Onjezerani nonse."

Tinaonjezera. Tinaonjezeranso mbale yachitatu (lamba wa diresi ndinamumasula mobisa). Elsa anabweretsa poto n'kupala mpaka pansi. Kuseka kuja kunayamba kuzilala.

Anders anayika supuni pansi n'kulankhula mofatsa, kufatsa kowawa kuja. "Amayi, mwina mwangoiwala kuikamo. Palibe vuto."

"Ndaikamo."

"Chabwino, amayi. Tidzakambirana bwino chaka chikalowa."

Mayi aja anayang'ana mupoto, kenako anayang'ana manja awo, ndipo ndinaona kuti ayamba kudzikayikira okha. Chiyambireni ntchito pakhomopo ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha. Ndinakodola Elsa n'kumunong'oneza kuti kodi chasowa n'chiyani.

"Alimondi," anatero. "Ndi mtedza woyera, wosenda. Amabisamo umodzi wokha, ndipo woupezayo amati akwatiwa kapena kukwatira chaka chikubweracho. Sitinakuuzeni dala kuti mudabwe. Agogo sanaphonyepo chikwatiwireni."

Thukuta linatuluka, kunja kuli chipale chofewa. Ndikanatha kukhala chete, munthu n'kumwa khofi n'kukakwera sitima yanga ulemu uli wonse. Koma ndinayang'ananso manja aja. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala kaja, katamatirira ku tikiti ya basi. Ndinakafutukula patebulo, pafupi ndi kambuzi. Mtedza unali pomwepo, uli ndi chizindikiro cha dzino langa.

"Pepani," ndinatero. "Ndimayesa mwala. Kwathu mwala sitiulengeza."

Woyamba kuphulika ndi kuseka anali Elsa, mpaka anatsamira khoma. Mayi Birgitta sanaseke msanga. Anatola mtedza uja ndi zala ziwiri, malovu anga ali pomwepo, n'kuuika m'mbale ya mwana wawo.

"Anders, unati tikambirana chiyani chaka chikalowa?"

Bamboyo anafiira mpaka m'makutu. Anadzuka n'kukawapsompsona mayi ake pamutu. Pamenepo ndi pamene mayiwo anaseka mpaka misozi, akundiloza. "Ndiye iwe unadya mbale zitatu, mtedza uli m'thumba?"

Nditafika kunyumba ndinafotokozera mnzanga amene ndimakhala naye, mtsikana wa ku Chipata. "Mwati munaupoketa? Asisi, you're not serious! Anthu akuofarani mwamuna, inu mukumurapa mu tishu?"

Chaka chikutha tsopano ndipo mwamunayo sanaoneke. Mayi Birgitta akuti n'zosadabwitsa, nayenso ali m'thumba la winawake waulemu ngati ine. Iwo akadali m'nyumba mwawo, ndipo dzulo tinali limodzi kupukuta zoikapo makandulo. Andiitananso pa 24, koma apereka lamulo limodzi: ndibwere nditavala diresi lopanda matumba.