Mbatata Si Kudya

Lolemba
Cholinga cha sabata ino: kumaliza maphunziro a pa intaneti ophunzitsa kuyankhula bwino ndi odwala khansa. Pofika Lachisanu satifiketi ikhale m'manja! Chondikankha ndi a Naphiri, odwala athu a khansa ya m'bere. Mapiritsi awo ochokera ku Lusaka ndi omwa m'mawa ndi madzulo, koma botolo likutsika pang'onopang'ono. Ndikawafunsa amangoti, "Ndikumwa, anesi." Akundidetsa nkhawa zedi, chotupa chija chingayambirenso kukula.
Zofunika: foni, mabandulo a intaneti, mtima wodekha. Ziwiri zoyambazo ndili nazo.

Lachiwiri
Netiweki ya kuno ku Vubwi! Pakhonde la kiliniki foni ikundilandira ku Malawi. Kuseri kwa chimbudzi ikundilandira ku Mozambique. Zambia ikupezeka pachulu pokha. Phunziro loyamba ndikuonera pomwepo, mbuzi zikundiyang'ana. Akuti musafunse mafunso oyankha inde kapena ayi, funsani oti munthu amasuke.

Lachitatu
Ndikuyesera pa amuna anga. Ndikuwafunsa kuti akumva bwanji mumtima pa nkhani ya denga lathu lodontha. Iwo akuti, "Kodi walowa mpingo wina?"
Denga likudonthabe.

Lachinayi
Phunziro lachiwiri: mukafunsa, khalani chete, wodwala ayankhula yekha. A Naphiri abwera kudzakwera sikelo. Ndikufunsa kuti masiku awo ndi mapiritsi akuyenda bwanji, kenako ndikutseka pakamwa. Iwonso, mayi waulemu, akudikira ine. Tonse maso pansi. Ntchentche ikuyenda patebulo, ikubwereranso.
Pomaliza akuti, "Anesi, mukudwala?"

Lachisanu
Tsiku la mayeso. Netiweki yathawa, mphunzitsi wa m'vidiyo wangoima, kukamwa kuli yasa. Mvula yayamba, chulu chaterera, yunifolomu yasanduka yofiira kumbuyo. Pamene Zambia ikubwerera, mayeso atsekedwa. Zomwe ndapeza: matope, chimfine, uthenga wachipwitikizi wondifunira ulendo wabwino.

Loweruka
M'mawa a Naphiri afika kunyumba kudzandizonda, poti dzana ndinkaoneka wosapeza bwino. Wodwala khansa kudzazonda nesi! Abweretsa mbatata zophika, tikudyera limodzi pakhonde. Palibe funso la m'maphunziro lomwe ndikukumbuka. Ndikungonena kuti amwe piritsi la m'mawa tsopano, botolo lili pomwepo pamfundo ya chitenje.
"Iyayi, anesi. Munati ndizimwa ndikadya. Ine sindinadye."
Khoko la mbatata lili m'manja mwawo!
Kwawo nsima imaphikidwa madzulo okha. M'mawa ndi mbatata, maungu kapena phala, ndipo zimenezo kwa iwo n'zongotsegulira kukamwa. Masabata onsewa akhala akumvera mawu anga bwinobwino, la m'mawa n'kumatsala. Mtima wandiwawa. Ndikuwafotokozera kuti kwa piritsi, chilichonse cholowa m'mimba ndi chakudya.
"Ndiye mbatata nazo zakwezedwa udindo?" Akuseka, akumeza piritsi ndi tiyi wanga.

Lamulungu
Satifiketi palibe. Akuti maphunziro adzatsegulidwanso, sindikudziwa liti. Mawa ndikwera pachulu kukaimbira adokotala a ku Lusaka za mapiritsi otsalawo, kenako ndiyendera odwala ena onse amene ndinawauza kuti "mukadya". Alipo ambiri.
Pochoka kutchalitchi mlongo wanga wandifunsa ngati ndadya. M'mimba muli mbatata za a Naphiri zotsala dzulo, tiyi ndi nthochi.
Ndayankha kuti ayi.