Ndinkafuna Chithunzi, Andikonzera Maliro

Lolemba

Ndachita! Ndalowa mu situdiyo ya Thoko, mtsikana wojambula zithunzi kuseri kwa msika wa Kapata, ndipo tapangana Loweruka m'mawa. Ine, mayi wamasiye, woyambitsa pemphero la kolona mu mphakati wathu wa kutchalitchi!

Si zithunzi za pa chiphaso ayi. Ndi zija amayi amajambulitsa atavala za kuchipinda, kapena atangodzikulunga kansalu. Thoko wandionetsa za mayi wina amene analola kuti zizionetsedwa, nkhope yosaoneka. Mayo ine! Ndatseka maso. Kenako ndatsegula limodzi. Mayiyo ndi wonenepa kundiposa, mimba yodzaza mizere ya uchembere, koma wakhala ngati dziko lonse ndi lake.

Chifukwa chake ndilembe pano, poti pakamwa sichituluka. Chichitireni opaleshoni chaka chatha, pamene anandichotsa bere la kumanzere, sindinadzionepo. Ndimasamba nditayang'ana kudenga. Galasi la kuchipinda ndinalitembenuzira kukhoma. Sabata yatha adokotala ati matenda aja sakuonekanso, ndili bwino. Ndasangalala, inde, koma thupi lachiralo sindikulidziwa. Ndikufuna ndilione. Si la mwamuna, si la munthu wina aliyense. Ndilione ine.

Thoko akuti: "Mami, chitseko ndimakhoma, mwamuna salowa, ndipo zithunzi ndimafufuta mu kamera inu mukuona. Chipsera sitibisa. Timangochipatsa kuwala kochokera m'mbali."

Zofunika:
- nsalu yoyera yoyala pabedi
- lesi yodzikulunga
- mikanda yanga ya m'chiuno, ngati ikadalipo
- mafuta odzola, miyendo isatuwe
- kusauza munthu (ichi ndawonjezera ndekha)

Potuluka ndagundana ndi amake Dalitso, a nyumba yoyandikana ndi yanga. Ayang'ana ine, ayang'ana chikwangwani cha situdiyo, pomwe palembedwanso kuti amasindikiza mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. Ndati ndimangodutsa. Kudutsa kwanji munthu akutuluka pakhomo?

Lachiwiri

Kusitolo ya nsalu. Mayi wogulitsa akufunsa: "Za ukwati?" Ayi. "Ubatizo?" Ayi, n'zanga ndekha. Wandichotsera mtengo ndisanadandaule, kenako wandigwira dzanja nthawi yaitali. Anthu a m'tauni muno ayamba liti chifundo?

Kutembenuka, amake Dalitso ali kumbuyo kwanga! Akuti akufuna zipi. Alibe ngakhale singano m'nyumba mwawo.

Mikanda ndaipeza m'chitini cha mabatani. Chingwe chafupika. Chingwe, osati kuti ine ndatambalala.

Masana ndayeserera kagonedwe, monga Thoko anandiphunzitsira. Chibwano patsogolo pang'ono, phewa pansi, msana wopinda, kupuma ndi pakamwa. Ntchito! Kulima kuli bwino. Msana wakana, khosi lakana. Ndatopa, ndangogona chagada pa nsalu yoyera ija, lesi pamwamba, manja pachifuwa poti sindikudziwa powaika, maso ndatseka kuti ndipume.

Pawindo: "Yesu, Maria!" Ndi amake Dalitso, akuti amadzapempha mchere. Athawa osautenga.

Manyazi andigwira. Aona lesi! Mawa Kapata yense adziwa kuti ndili ndi chibwenzi.

Lachitatu

Zodabwitsa.

Ndadzuka, pabwalo pasesedwa kale. Mgolo wadzaza madzi. Pakhonde pali:
- thobwa wa m'chigubu
- mazira
- nthochi
- phala la mtedza, ngati ndine khanda

Palibe akutchula za chibwenzi. Anthu amene amandipatsa moni ndi chibwano lero akugwada. Ana amene amamenyetsa mpira pa malata anga awasamutsira kutsidya kwa ngalande. Aliyense akulankhula nane motsitsa mawu. Ndikuti ndili bwino, adokotala atero. Yankho ndi limodzi: "Inde mayi, inde. Limbani mtima."

Ndilimbe mtima ndi chiyani?

Pofunafuna chovala cha Loweruka ndatulutsa madiresi akale, amene sakhalanso bwino pachifuwa, ndawapatsa amake Dalitso. Ndimati asangalala. Awakumbatira, alira mpaka mamina. Madiresi a salaula, ogula atavalidwa kale!

Thoko watumiza uthenga. Akuti wayesa kuwala, kwa m'mawa ndiko kofewa, ndipo wapachika nsalu yoyera moyang'anizana ndi windo kuti izibweza kuwala pathupi. Akuti ndidzadye kaye, wanjala saoneka bwino. Kudya ndiye sindikusowa sabata ino.

Lachinayi

Ndafa! Zenizeni, akuti ndikufa!

Akulu anga a Esinati atulukira kuchokera kumudzi kwathu ku Chiparamba, panjinga ya hayala, thumba la mtedza pamiyendo, nkhuku m'khwapa, kulira kuyambira kumsewu waukulu. Chimanga asiya m'munda chosakolola. Amake Dalitso anawaimbira foni, nawawerengera zonse: munthu anadwala, wabwera kuchipatala, wapita yekha mobisa kwa wojambula, wagula nsalu yoyera, akuyeserera kugona, wayamba kugawa zovala.

"Mng'ono wanga, ukudzikonzera wekha maliro ngati ulibe abale?"

Ndaima kukamwa yasa. Ndiye kuti thobwa uja ndi wotsanzikana!

Ndawaonetsa pepala la kuchipatala. Aliyang'ana chozondotsa, alibweza. "Madokotala amatero kuti munthu apite ndi mtendere."

Chotsala n'kunena zoona. Koma ndinene kwa yani? A Esinati ndi mlangizi wa chinamwali kwathu. Ndi iwo anandimanga mikanda imeneyi ndili namwali, nandiuza kuti woiona ndi mwamuna wanga yekha. Mwamunayo ali kumanda. Ndikati ndikukavula pamaso pa kamera, funso likhala limodzi: "Cha ndani?" Ndikati changa, palibe angakhulupirire. Kolona andilanda, apongozi a mwana wanga amva, ndipo ku Chiparamba ndidzakhala chitsanzo cha pachinamwali mpaka adzukulu.

Pakati pa kufa ndi kunena, ndasankha kufa kaye.

Ndikangotsinzina pampando, a Esinati akundiika chala pamphuno.

Lachisanu

Nyumba yadzaza. Amayi onse a mphakati, kuphatikizapo amene samabwera kukakhala mvula. Kolona ayambitsa wina, ine andigoneka pamatiresi pakati, andifunditsa bulangete dzuwa likuswa mtengo.

Kenako mawu. Aliyense anene zabwino zanga ndikadali kumva. Sindimadziwa kuti ndine munthu wabwino chonchi! Mayi uja tinatukwanizana chifukwa cha chingwe choyanikira zovala wagwada, wapepesa. Ndamukhululukira. Chingwecho chinali chake, koma wakufa satsutsidwa.

Mlamu wanga wa ku Nabvutika, amene sanaponde pano chiikireni mkulu wake, malemu mwamuna wanga, wabwera kudzazonda. Ine wandiyang'ana kamodzi, firiji katatu. Akufunsa ngati imaziziritsa bwino.

Zatayika lero:
- lesi (a Esinati aisita, aipinda, akuti ndasankha bwino, idzakongoletsa bokosi)
- kolona
- ufulu wopita kuchimbudzi wopanda wondigwira mkono

Mikanda aipezanso pansi pa pilo. Ndati zaululika. A Esinati aigwira, misozi chuchuchu. "Akufuna akakumane ndi mwamuna wake atavala." Amayi onse: "Ooo!" Akhala pakhonde, aitunga mu chingwe chatsopano, andiyeza m'chiuno pamwamba pa chitenje. Yakwana ndendende.

Andipanikiza za ku situdiyo, ndavomera kuti tsiku lojambula ndi mawa, ndipo chigamulo chaperekedwa. Mawa andiperekeza onse, mu yunifomu ya kutchalitchi. "Munthu sajambulitsa chomaliza ali yekha."

Ndaimbira Thoko ndili kuseri kwa bafa, monong'ona. Waseka mpaka foni yagwa. Ataitola akuti: "Mami, auzeni zoona." Mwana wa masiku ano! Akuganiza kuti zoona zimangonenedwa ngati mtengo wa tomato.

Loweruka

Tadutsa m'Kapata pamzere, pang'onopang'ono, nyimbo yapansipansi. Ine pakati, wina dzanja ili, wina dzanja ilo. Anyamata a njinga avula zipewa. Ogulitsa makala aimirira. Ine ndikuyenda ndi miyendo yanga kupita kumaliro anga!

Mu situdiyo Thoko sanathe kutulutsa bedi. Lili pomwepo, mapilo, maluwa, nyali ziwiri za pamiyendo italiitali. Ndati tsopano ndagwidwa. Amake Dalitso aomba m'manja: "Mwana waulemu uyu, wakonzera wodwala pogona." Thoko wadziluma mlomo, wabisa nkhope kuseri kwa kamera, mapewa akugwedezeka. Amayi akuti naye akulira.

Yunifomu yanga anabwera nayo yosita. Akuti ndikasinthe kuseri kwa katani. A Esinati akufuna kulowa nane, Thoko watsekereza: "Agogo, mmenemo mumalowa munthu mmodzi, ndi lamulo la situdiyo." Mulungu amudalitse mwana ameneyu.

Kuseriko n'kopanikiza. Windo kumanzere, nsalu yoyera kumanja, kutsogolo galasi lalitali kuyambira pansi. Kothawira kulibe. Ndavula bulauzi nditayang'ana kudenga monga mwa masiku onse, koma ndolo yakola ulusi, ndaweramitsa maso kuti ndiikolole bwino.

Ndaona.

Chipsera ndi mzere umodzi, wopingasa, wakuda pang'ono kuposa khungu. Basi. Chaka chonse ndimaganiza kuti pali dzenje loopsa. Kuwala kwa Thoko kukubwera m'mbali monga ananenera, kukutsetsereka paphewa, kudutsa pachipsera osaima, mpaka pa mikanda. Bere latsalalo lili phee, silikudandaula. Khosi ndi la amayi anga, sindimadziwa. Mikono ndi ya munthu amene walera ana, wanyamula madzi, waika mwamuna m'manda, wagona pa tebulo la opaleshoni nadzuka. Ndaika dzanja pachipsera. N'chofunda. Ndi ine.

Kuseri kwa katani amayi afika pa ndime ya mpumulo wosatha.

Thoko akunong'ona pampata: "Mami, kamera ndili nayo. Kamodzi kokha?" Ndatsitsa phewa, chibwano patsogolo, ndatsegula pakamwa kuti ndivomere. Pomwepo amake Dalitso: "Wachedwa! Wakomoka kodi?" Katani yayamba kukokedwa, Thoko akukokera kwake, a Esinati akuitana madzi. Ndavala yunifomu ngati nyumba ikupsa.

Ndatuluka ndikulira. Andikhazika pampando, iwo azungulira ndi nkhope za maliro. Ndayang'ana nkhope zimenezo, ndakumbukira mayi wa m'galasi uja, wamoyo ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo phwete landiphulika. Ndayesa kulimeza, lakana. Thoko akungodina, cha gulu, cha ndekha, cha gulu.

"Ndi mankhwala," akutero amake Dalitso. "Amatero akamayandikira."

Lamulungu

Ndachedwa ku Misa. Ndinatenga nthawi kubafa mpaka madzi kuzizira, a Esinati kugogoda kawiri kuti amve ngati ndikupuma.

Chithunzi chomwe ndinkafuna palibe. Lesi ili m'sutikesi ya a Esinati, akuti aisunga ku Chiparamba kuti njenjete za m'tauni zisaidye. Thoko akuti ndibwerenso tsiku lina, koma amake Dalitso alumbira pamaso pa mphakati kuti sindidzayendanso ndekha mpaka tsiku langa. Mlamu watumiza mwana wake wamkazi kudzafunsa ngati ndagona bwino. Ndamuuza akanene kuti firiji nayo yagona bwino.

Titaweruka, Thoko wabweretsa zithunzi, ndipo amayi akhala pansi pa mtengo wa mango kusankha cha pa pulogalamu ya maliro. Cha ndekha chija chadutsa m'manja onse. Duku lapendekeka, maso anyowa, mano onse pamtunda mpaka la kumbuyo lobowoka. Ena onse pa chithunzi cha gulu akuoneka odwala, wathanzi ndine ndekha.

Akuti sichiyenera maliro. Anthu angamati tikusangalala.

A Esinati achiyang'ana nthawi yaitali, kenako ayang'ana ine. "Munthu wopita saseka chonchi. Iwe pali chimene ukundibisira." Ndati chilipo. Adikira. Sindinawonjezere. Apukusa mutu, akuti mawa akubwerera kukakolola, chiswe sichidikira anthu okana kufa.

Ndiye basi. Cha kuchipinda sichinajambulidwe, cha maliro chakanidwa, ndipo popanda chithunzi amayi awa sangandiike. Nditani nanga? Ndingokhala ndi moyo.