Tulo Tanga Tinatsala pa Bwalo la Ndeke

Amene akufuna kuseka asekeretu tsopano, chifukwa ndikafika pakati sindiima. Ba Mweemba, ndaona kale kuti mwapinda mlomo. Inu munathamangapo mpaka ku Shimabala n'kubwerera pa minibasi, ndiye ingomverani. Ndikulankhula ndi nonse othamanga amene mwakhala pa kapinga wa bwalo lino la Nangongwe, koma makamaka iwe Tisa mwana wanga, popeza Lachitatu ukukwera ndeke kupita ku mpikisano wakutali, ndipo sunandifunsepo kanthu za ulendo wanga.

Ndinkagwira ntchito ku fakitale pamene anandisankha kukathamanga mtunda wautali ku dziko la kum'mawa, komwe dzuwa limatuluka kuno anthu atangogona kumene. Iwe unali ndi miyezi inayi. Amayi ako, Esinati, ankadwaladwala, koma anandisitira malaya n'kunena kuti, "Pitani, atate ake Tisa. Mukandigulire bulangete la kumeneko."

Ku Lusaka anadinda pasipoti yanga, koma tulo tanga tinalibe pasipoti, ndipo tulo tokhato tinabwezedwa pachipata. Ndinaona ndi maso awa, pa windo la ndeke, tulo titaima pampanda ngati galu wosiyidwa ndi mbuyake. Koma tulo ta munthu sitimutaya mwini wake. Tulo tija tinakwera basi mpaka ku Kapiri, sitima mpaka kunyanja yamchere, kenako sitima ya pamadzi yonyamula mkuwa, kunditsatira pang'onopang'ono. Mukumva?

Masiku asanu ndi anayi sindinaphethire. Zikope zinauma moti ndikazitseka ndi chala zinkalira ngati geti la dzimbiri, mimba inkafuna nshima yamadzulo dzuwa likutuluka, ndipo thupi langa linagawanika pakati, mbali yamanja n'kuvomera nthawi ya kumeneko, yamanzere n'kukakamira nthawi ya ku Kafue. Tsiku la mpikisano mfuti italira, mwendo wamanzere unali m'tulo, popeza kwawo kunali kusanache, ndiye ndinaunyamula paphewa ngati khasu n'kuyamba kudumpha ndi mwendo umodzi, kukwera zitunda, kuwoloka milatho, anzanga onse atasanduka timadontho kutsogolo, mpaka saireni ya fakitale yoitana a shifiti ya m'mawa inalira kuno ku Kafue, mwendo uja n'kuimva kutsidya kwa nyanja, n'kudzidzimuka poganiza kuti wachedwa ku ntchito, n'kutsika paphewa n'kuyamba liwiro loti mwendo wamanja unkangopempha kuti auyembekeze. Ndinapitirira othamanga onse, ndinapitirira njinga yamoto yotsogolera, ndinafika pomalizira asanamange chingwe, moti ndinawathandiza kumanga, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuchidula ndi chifuwa. Ndikulumbira, Ba Mweemba.

Mphunzitsi wathu wa zothamanga anali pomwepo. M'manja mwake munalibe madzi. Munali kapepala.

"Ba Tembo," anatero, "tiyeni tikhale kaye pansi."

Pobwerera, ndeke ili pakati pa nyanja, ndinasuzumira pansi n'kuona sitima ya mkuwa ija, tulo tanga titakhala pamwamba pake, tikupitabe kum'mawa. Ndinagogoda windo. Tulo tinayang'ana kumwamba, n'kulumphira m'madzi, n'kuyamba kusambira kubwerera.

Ndinapeza anthu adzaza pakhomo, mipando ili panja, akundiyembekezera ine kuti aike maliro a Esinati. Amuna anzanga ankasinza pamoto, ine maso ali gwa. Tsiku lotsatira, cha m'ma fifitini, dzuwa litapendeka, tinaima kumanda. Anatsitsa bokosi. Abusa anandipatsa dothi pafosholo kuti ndiyambe kuponya ndine, ndipo nditangolitapa m'dzanja, ndinaona minibasi ikuima kumsewu, tulo tanga tikutsika, tonyowa, tofumbira miyendo, tikudutsa pakati pa mitumbira osapatsa moni aliyense. Tulo ta masiku onse aja tinandigwera nthawi imodzi ngati thumba la chimanga. Mukumva? Ndinagwa m'manja mwa alamu anga.

Ndinadzuka tili m'lole, tikubwerera. Mtumbira anali ataunda kale, nkhata ataika kale, nyimbo zitatha. Azakhali ako anati, "Mwamuna wanji wogona mkonono mkazi wake akulowa m'nthaka?" Ndikudziwa kuti zimenezo ndi zomwe wakula ukumva, Tisa. Sindikuwaimba mlandu. Anaona zomwe anaona.

Ba Mweemba, masulani mlomo wanu, mwapambana. Sindinadule chingwe chilichonse. Ndinamaliza kumbuyo, anthu akupinda kale matenti, miyendo yonse iwiri ili pansi ndipo yonse yolemera ngati yobwereka. Bulangete sindinagule. Patapita zaka, dokotala wina anandifotokozera kuti thupi lili ndi wotchi yake imene sikwera ndeke, imatembenuka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo kuti masana aja kumanda thupi langa linkadziwa kuti ndi usiku. Ndinamuthokoza. Sizinandithandize kwenikweni.

Choncho uwauze akuluakulu a timu yanu akutumizeni msanga, mukakhale masiku angapo musanathamange. Ukafika, uziyenda padzuwa la kumeneko ndi kudya pa nthawi yawo, ngakhale mimba ikane. Limenelo ndilo langizo langa lonse.

Chotsala n'chimodzi, ndipo pa ichi sindilumbira chifukwa n'choona. Nditadzuka m'lole muja, dzanja langa linali lofumbatabe. Dothi lija sindinaponye. Lili m'kachitini ka tiyi, pamwamba pa kabati, kamene ndinkakuletsa kukhudza uli mwana.

Ukabwerako, ugone kaye masiku atatu, tulo tako tikupeze. Ukatero, ngati ungalole, undiperekeze kwa amayi ako ndi kachitini kaja, undigwire mkono kuti ndisagwe.